Nkhope ya pa Reji

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, nkhope yanga inandiukira. Ziphuphu zinayambira pamphumi, zinatsikira m'masaya, kenako zinamanga mudzi pachibwano. Tinkakhala pakampu ya masikauti ku Nsefu, kumene atate ankagwira ntchito yolondera nyama, ndipo pakampu palibe chobisika. Nyumba zake n'zoyandikana moti ukayetsemula, wa nyumba yachitatu ndiye amakufunsa ngati wadwala chimfine. Choncho aliyense anali ndi maganizo ake pa nkhope yanga. Ena ankati ndikudya kwambiri ndiwo zotendera, ena ankati ndayamba kuganiza za anyamata. Ine ndinkangoyenda chowerama ngati munthu amene wataya singano.

Amayi anali ndi chikhulupiriro chimodzi chosagwedezeka: chilichonse chotuluka pakhungu ndi litsiro, ndipo mankhwala a litsiro n'kukwecha. Mapoto awo ankawala kuposa a wina aliyense pakampupo, ndiye nkhope yanga anaitenga ngati poto wina amene wawavuta. Ankandikhazika pamwala kuseri kwa bafa, sopo wochapira zovala kudzanja ili, kachidutswa ka chiguduli kudzanja linalo. Akatha kukwecha ankafinya chiphuphu chilichonse ndi zikhadabo, n'kundipaka mafuta olimba aja mpaka nkhope kuchita kunyezimira.

"Pirira, mwana wanga, zituluke zonse," ankatero ine ndikutuluka misozi.

Ankachita mwachikondi, zimenezo sindingakane. Koma khungu linkandiwotcha ngati ndapaka tsabola, linkatupa, ndipo paliponse pamene panafinyidwa pankatsala banga lakuda. Ziphuphu zinkapita n'kubwera zina, mawanga okha ndiwo sankachoka.

Ndiye kunamveka uthenga woti anthu a boma olemba mareji abwera kusukulu kwathu mvula isanagwe. Reji ndi chiphaso cha dziko chimene munthu amatenga akafika zaka zanga zija. Popanda reji sungalembedwe ntchito kumaloji ogonako alendo kapena kubwalo la ndege ku Mfuwe, sungapite kukoleji, ngakhale nambala ya foni ya dzina lako sungakhale nayo. Masiku onse munthu ankayenera kukaitengera kuboma, ulendo wautali, ndiye kubwera kwawo kunali mwayi woti mudzi wonse unasangalala. Ine ndekha ndinagwa mphwayi, chifukwa pa reji pamakhala chithunzi, ndipo chithunzicho umakalamba nacho. Ndinali nditaona reji ya atate. Pamenepo panali mnyamata wa tsitsi lambiri ngati chisa cha mbalame, chonsecho atatewo dazi linali litafika kale kunkhongo.

Ndinawauza kuti sindipita. Ndinati ndidzatenga chaka china nkhope ikadzapola.

"Upita," anatero atate. "Anthuwa akabwera n'kupita, sitidziwa adzabweranso liti. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Koma mumtima ndinali nditakonza kale zoti tsikulo ndidzakabisala m'munda wa thonje mpaka dzuwa litalowa. Ndinkaona kuti kuli bwino kukhala wopanda reji kusiyana n'kuyenda ndi nkhope imeneyo m'chikwama moyo wanga wonse, kumaionetsa kwa wapolisi aliyense ndi bwana aliyense.

Pakampu pathu panali sikauti mmodzi yekha wamkazi. Sanali m'bale wathu, koma ana tonse tinkawaitana kuti Anti. Kwawo kunali kumtunda, cha ku Katete, ndipo ankalankhula Chichewa chozama pamene ife m'nyumba tinkalankhula Chikunda. Anali wamtali, wosakonda kuseka, ndipo patsaya lawo lamanzere panali chipsera chachitali, kuchokera pafupi ndi khutu mpaka kukona kwa mlomo. Chinabwera ndi waya wa msampha umene unaduka n'kuwakwapula pamene ankamasula nyama imene inakodwa. Ana aang'ono ankawaopa. Ine sindinkawaopa kwenikweni, ndinkangosowa chonena ndikawaona.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti mayi yemweyu, amene ankagona m'tchire ndi mfuti pambali, ndiye anali katswiri wodziphoda kuposa mkazi aliyense amene ndinamuonapo. Akamapita kupatirolo sankadzola kanthu kalikonse konunkhira, ngakhale sopo wafungo sankamukhudza, chifukwa njovu ndi njati zimamva fungo patali, ndiponso opha nyama mozemba nawo ali ndi mphuno. Ankabwerako ali mbuu ndi fumbi, milomo itang'ambika, akununkha utsi. Ankapereka mfuti kuofesi, n'kukasamba, ndipo chakumadzulo dzuwa litapepa ankakhala pakhonde ndi kachitini ka mabisiketi ndi galasi lawo. Galasilo linali la m'mbali mwa galimoto ya pakampu, limene njovu inathyola tsiku lina, iwo n'kulitola.

Ine ndinkaima kuseri kwa mtengo wa mango, ndowa ili m'manja ngati ndikupita kumjigo, n'kumangoonerera kukamwa kuli yasa. Zala zomwe zija zokoka waya ndi kunyamula mfuti zinkayenda pankhope mopepuka moti sunkaona pamene zagwira. Wanja ankamuyendetsa pansidze timizere tating'onoting'ono. Phoda ankangomugunditsa apa ndi apo. Akamaliza sunkatha kuloza chimene asintha, koma munthu amene wadzuka pampandopo anali wina, wowala, woti ukakumana naye panjira upatuke wekha. Ndipo nthawi zonse chipsera chija ankachilambalala. Phoda ankafika m'mphepete mwake n'kuima pomwepo.

Tsiku lina masana ndili pamjigo, chitenje nditachikokera mpaka m'maso, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Iwe mtsikana, wafedwa?"

"Ayi, Anti."

"Nanga wafundiranji kumaso dzuwa lonseli? Chotsa ndione."

Ndinachotsa chitenjecho. Anandigwira chibwano ndi zala ziwiri, n'kunditembenuzira kudzuwa, uku ndi uku. Anayang'ana nthawi yaitali, mmene ndinkawaonera akuyang'ana mapazi a nyama pamchenga. Palibe munthu anali atandiyang'anapo choncho chiyambire vutoli. Ena onse ankayang'ana kamodzi n'kuthawitsa maso, kapena n'kuyamba kundimvera chisoni, chimene chinkandipweteka kuposa kusekedwa.

"Ziphuphu zokha sizichita chonchi," anatero. "Pali wina akulima apa ndi khasu. Ndani?"

Ndinawauza za chiguduli. Sanaseke ndiponso sananyoze. Anandisenzetsa ndowa, n'kunditsatira mpaka kunyumba, kumene anapeza amayi akusankha nyemba pakhonde.

"Mwaswera bwanji, amayi? Ndabwera kudzabwereka mwana."

"Taswera. Walakwanji?"

"Sanalakwe. Mapoto anu amawala, pakampu pano palibe wofikapo. Koma poto ndi chitsulo, amayi, uyu ndi mnofu. Ndibwerekeni mpaka a mareji abwere."

Ndinaona kuti mawuwo awalasa amayi. Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana manja awo. Kenako anapitiriza kusankha nyemba.

"Mutengeni, mwana wa mnzako ngwako yemwe," anatero. "Mukalephera mundibwezere, chiguduli changa sinditaya."

Ndinkaganiza kuti mawa lake lomwelo ndiyamba kugwira kachitini kaja. Ndinanamizidwa ndi mtima wanga. Anti sanatsegule n'komwe. Anandipatsa kasopo koyera kopanda fungo, n'kundionetsa kusamba kumaso ndi manja okha, m'mawa ndi madzulo, mosisita pang'onopang'ono. Anandidulira kansalu kangakanga kopukutira, koti ndisabwereke wina aliyense, ndipo anati ndizingogunditsa, osakhula. Chitenje chimene ndinkatsamira pogona anati ndizichichapa pafupipafupi. Mafuta olimba aja anati ndi a miyendo ndi zigongono, kumaso ndizidontheza kadontho ka gilisirini m'dzanja lonyowa basi. Popita kumunda wa thonje anandibwereka chipewa chawo chakale cha ntchito, chifukwa dzuwa la kuchigwa kuno limadetsa mawanga kuposa mmene alili. Lamulo lalikulu linali la manja: osafinya, osakanda, osagwiragwira.

Ndinakwiya. Ndinawafunsa kuti nanga phoda ndiyamba liti, poti masiku akutha.

"Ukufuna kuzira nyumba khoma lisanaume?" anandifunsa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pita ukasambe."

Lamulo la manja lija ndilo linandizunza. Chiphuphu chikapsa chimakuitana ndi dzina. Ndili m'kalasi ndinkakhalira manja anga kuti asapite kumaso, ndipo mnzanga wokhala naye desiki ankaganiza kuti ndikumva kuzizira m'mwezi wotentha. Koma pang'onopang'ono kuwotcha kuja kunatha. Kutupa kunaphwa. Ziphuphu zatsopano zinkabwerabe, koma zochepa, ndipo zinkapita zokha osasiya chizindikiro. M'mawa wina ndikusamba ndinamva tsaya langa lili lofewa m'dzanja, ndipo ndinaima pomwepo madzi akudontha, kudabwa kuti khungu limatha kudzikonza lokha munthu akangolisiya. Mawanga akale okha ndiwo anatsala. Anti anati amenewo adzafufuma okha, koma mochedwa, ndipo a mareji sangawadikire.

Nthawi imeneyo kusukulu atsikana onse nkhani inali imodzi. Mnzanga uja wa padesiki, amayi ake ankachapa zovala kuloji ina, ndipo mlendo wina wachizungu pochoka anasiya kachubu ka zodzola kumaso. Kachubuko kanayenda m'manja mwa kalasi yonse ngati chinthu chopatulika. Tonse tinkakhulupirira kuti chochokera kwa alendo a ndege sichingalakwe, ndipo ngati chimakongoletsa iwo, ife chitikongoletsa kawiri. Anagwirizana zoti tsiku la mareji aliyense adzapakeko. Ine, poti ndinali mnzake wapamtima komanso wovutika kuposa onse, anandifinyirako m'kachitsekero ka botolo. Ndinathamanga nako kwa Anti ngati ndatola dzira la nkhanga.

Anakanunkhiza, n'kukwinya mphuno pang'ono. Ndiye kwa nthawi yoyamba anatsegula kachitini kaja ine ndili pafupi. Munalibe zambiri: phoda wofiirira m'kabokosi kophwanyika pakona, wanja wofupika ngati chala, kasiponji, ndi kamafuta ka milomo. Anatapa zodzola za mlendo zija n'kundipaka kamzere m'munsi mwa tsaya. Pambali pake anagunditsa phoda wawo, pamwamba pa banga lina lalikulu limene ndinkadana nalo kwambiri.

"Tiye panja. Nkhope saiweruzira m'nyumba."

Tinaima pabwalo dzuwa lili pamutu, iwo atagwira galasi. Kamzere ka mlendo kanali mbee, ngati ndadzipaka phulusa. Ndinafunafuna pamene anagunditsa phoda wawo, osapapeza. Ndinasendeza nkhope pafupi. Phodayo sankaoneka, ndipo banga lija nalo silinkaoneka. Panali khungu langa basi, la mtundu wanga, losalala ngati mmene linalili ndili mwana. Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinafuna kugwirapo kuti nditsimikize, koma Anti anandimenya kadzanja.

"Waona? Mzungu uja anagula cha khungu lake, sanalakwe. Phoda wako ndi amene wasowa ukamupaka. Ukamuona, dziwa kuti ndi wa mwini wake."

Ndinkangoyang'ana kamalo kakang'ono kaja ngati ndaona chozizwitsa cha m'Baibulo, ndipo kunena zoona mpaka lero ndikakumbukira ndimamvabe chimodzimodzi. Ndinakauza mnzanga uja zimene ndinaona, koma anati Anti ndi munthu wa m'tchire, za zodzola za kunja angazidziwire kuti.

Kuyambira pamenepo, madzulo alionse amene Anti anali pakampu, ndinkakhala nawo pakhonde. Kaphunzitsidwe kawo kanali kakekake: iwo ankakonza mbali ya kumanja ya nkhope yanga, ine ya kumanzere, kenako tinkatuluka panja kukayerekeza. Masiku oyamba mbali yanga inkaoneka ngati ndagwera m'thumba la ufa wa mgaiwa. Ankandisambitsa n'kuyambiranso. Anandiphunzitsa kutapa pang'ono n'kukung'unthira padzanja, kugunditsa pabanga pokha osati nkhope yonse, ndi kusalaza m'mphepete kuti pasaoneke malire. Pansidze ndinkafuna kujambula uta waukulu ngati wa akazi a pa makalendala, koma anandiletsa.

"Tsatira mmene tsitsi likupitira. Njira ilipo kale, usatsegule msewu wako."

Ankanenetsanso kuti chilichonse chimene ndapaka ndizichisamba ndisanagone, ngakhale nditatopa bwanji, ndipo siponji ndi wanja si zobwerekana ndi kalasi yonse.

Tsiku lina, nditazolowerana nawo, ndinalimba mtima n'kufunsa chimene chinkandisautsa kuyambira kale. Ndinati poti phodayu amatha kubisa banga, bwanji iwo saphoda pachipsera chawo.

Anandiyang'ana kudzera m'galasi. "Apa m'panga," anatero. "Malizitsa nsidze yakoyo, yapendama."

Kutatsala masiku ochepa kuti a mareji afike, kunamveka mfuti kutsidya, chakumpoto, ndipo gulu la Anti linatumizidwa m'tchire mwadzidzidzi. Ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza chitseko chawo chili chokhoma. Palibe ankadziwa tsiku lobwerera, chifukwa ulendo wotero umatha ntchito ikatha. Ndinkasamba m'mawa ndi madzulo monga mwa lamulo, koma mtima unali m'mwamba. Tsiku lililonse ndinkatchera khutu kuti ndimve galimoto, osaimva. Maganizo a munda wa thonje aja anabwereranso.

M'mawa wa tsikulo ndinadzuka ndisanaganize bwino chochita. Atate anali akupopa njinga panja, atavala malaya awo a kutchalitchi. Ndinakhala pamphasa osasuntha. Ndiye amayi analowa, m'manja muli kachitini ka mabisiketi ndi galasi la galimoto lija.

"Anti ako anasiya kwa ine," anatero. "Anati ukadzayamba zako zokana, ndidzakupatse. Dzuka, tiye panja. Akuti nkhope saiweruzira m'nyumba."

Tinakhala pakhonde, dzuwa likungotuluka kumene. Amayi anagwada patsogolo panga atagwira galasi ndi manja awiri, manja omwe aja a chiguduli, ndipo sanandikhudze ngakhale pang'ono. Mbali ya kumanzere inayenda bwino poti ndinaizolowera. Ya kumanja ndinali ndisanaigwirepo chiyambire, inali ya Anti. Wanja anandipulumuka m'dzanja kawiri. Amayi ankangomutola n'kundipatsa. Nditamaliza anatsitsa galasi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ha, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Ndiye ine ndinkalimbana ndi chiyani?"

Anatembenuka msanga n'kulowa m'nyumba, akuti akaone madzi pamoto. Ndikudziwa kuti pamoto panalibe madzi.

Tinanyamuka ndi atate, iwo akukankha njinga chifukwa mchenga wa njira imeneyo sulola kupalasa. Titadutsa minda n'kulowa m'mitengo ya tsanya, tinamva galimoto ikubwera kuchokera kumtsinje. Inali ya pakampu. Kumbuyo kunali masikauti ali mbuu, maso ofiira ndi tulo, mulu wa mawaya a misampha uli pakati pawo. Munthu wina anamenya denga la galimoto kuti iime, ndipo Anti anadumpha, mfuti ili kumsana. Ankanunkha utsi ndi thukuta, milomo itang'ambika mpaka kutuluka magazi. Sanapereke moni kwa ine. Anandigwira chibwano ndi zala ziwiri zija, n'kunditembenuza uku ndi uku, amuna onse m'galimoto akuonerera. Kenako anapukuta kachala kawo kakang'ono m'kati mwa malaya, pamene panalibe fumbi, n'kufufuta kumapeto kwa nsidze yanga ya kumanja.

"Apa wachulutsa. Kwina konseku sindikuona chilichonse."

Kwa Anti amenewo ndiwo anali mawu oyamikira aakulu kuposa onse.

"Tamvera," anapitiriza. "Akakuuza kuti yang'ana kuno, uchite ngati wakumana ndi mkango panjira. Suthawa, suwerama. Umaima n'kuuyang'ana. Wamva?"

"Ndamva, Anti."

"Pitani, bambo, mungachedwe. Akuti ayamba ziro-eyiti, eyiti koloko m'mawa uno."

Kusukulu tinapeza mzere wafika kale kumpanda. Kunabwera anthu a midzi yonse yozungulira, ena pa njinga, ena wapansi, achinyamata ndi makolo awo odzawachitira umboni. Kunkatentha mmene kumatenthera kuchigwa mvula ikayandikira, mpweya uli zii, mbalame zomwe zitakhala chete. Anzanga a kachubu aja anafika nkhope zili mbee, akununkhira ngati sitolo. M'mawa ankayenda monyada. Dzuwa litakwera thukuta linayamba kutsegula mitsinje m'masaya mwawo, ndipo tintchentche tating'ono ta m'tsanya tija, timene timakonda kulowa m'maso, tinawaunjirira iwo okha. Mayi wojambula zithunzi atawaona anagwira pakamwa.

"Ana inu, mwachokera kuchigayo? Pitani mukasambe kumjigo, mubwere ndi nkhope zanu."

Anapita akuseka okhaokha, ena akulira pang'ono. Mnzanga uja anabwerako madzi akudontha m'chibwano, ndipo ndinadabwa kuona kuti anali wokongola kwambiri, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo chifukwa chotanganidwa ndi nkhope yanga. Sindinamuseke. Inenso thukuta linali likutsika, ndipo ndinkangogunditsa kansalu kanga mmene anandiphunzitsira. Pamene dzina langa linaitanidwa dzuwa linali litapendeka, ndipo sindikudziwa ngati pankhope panga panali patatsala phoda ngakhale pang'ono.

Anandikhazika pabenchi, kumbuyo kuli nsalu yoyera. Khosi langa linayamba lokha kupindika, mwa chizolowezi cha chaka chonse. Ndinamva mayi uja akuti, "Yang'ana kuno." Ndinakumbukira mkango. Ndinadzutsa mutu n'kuyang'ana m'diso la kamera, ndipo sindinaphethire.

Mareji anatipatsa madzulo a tsiku lomwelo. Nditalandira yanga ndinapita kuseri kwa kalasi kuti ndikaione ndekha. Kachithunzi kake kanali kakang'ono ngati chala chachikulu, ndiponso kakuda. Mawanga sankaoneka. Phoda sankaoneka. Nsidze zimene ndinazivutikira masabata onse aja zinangosakanikirana ndi mthunzi. Ndikanapita ndi nkhope yokwechedwa ndi chiguduli, chithunzicho chikanatuluka chimodzimodzi. Ndinapsa mtima moti njira yonse yobwerera sindinalankhule ndi atate, amene ankangoimba nyimbo za kwaya mosangalala.

Ndinapeza Anti ali pakhonde, atasamba, kachitini kali pamiyendo poti amayi anali atabweza. Ndinawaponyera rejiyo pachitenje mopanda ulemu.

"Taonani, Anti. Ntchito yonse ija yapita pachabe. Palibe chikuoneka."

Anaitola n'kuipendeketsa kudzuwa, kuiyang'ana mmene ankayang'anira chilichonse, mosafulumira.

"Maso akuoneka?"

"Akuoneka."

"Akuyang'ana kuti?"

"Kutsogolo."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kachikwama ka pulasitiki kamene ankasungiramo mapepala a ntchito. Anasolola reji yawo, yakale, yothetheka m'makona, n'kuiika pambali pa yanga.

Panali kamtsikana ka msinkhu wanga. Tsaya lake lamanzere linali losalala, lopanda chipsera, lopanda kanthu kalikonse. Koma mutu kanali kataweramitsa, chibwano chili pachifuwa, maso akuyang'ana pansi, moti wojambulayo anangogwira mphumi ndi zikope. Ndikanapanda kuuzidwa sindikanadziwa kuti ndi Anti.

"Ndinali ndi tiziphuphu titatu pachibwano," anatero. "Titatu tokha. Ndinkaona ngati dziko lonse likuyang'ana pamenepo." Anagwira kachithunziko ndi nsonga ya chala, patsaya paja. "Taona tsaya limenelo. Ndinali nalo zaka zonse zija, ndipo sindinaliyang'anepo ngakhale tsiku limodzi. Chithunzi chake n'chomwechi basi, china ndilibe."

Mkwiyo wonse unasungunuka, m'maso muli misozi imene sindinkadziwa kuti ndikulirira ndani. Anti anabweza reji yawo m'kachikwama. Yanga anandipatsa m'manja ndi manja awo awiri, ngati mmene amaperekera chinthu kwa munthu wamkulu.

"Sunga bwino. Tsopano gwira galasili, manja anga atopa."

Ndinagwada n'kuligwira. Anatapa phoda pang'ono, anakung'unthira padzanja, n'kuyamba kugunditsa pamphumi, pamphuno, patsaya. Atafika m'mphepete mwa chipsera anaima monga mwa masiku onse, n'kudzutsa mutu kudziyang'ana.